Apongozi Anga Sankagona M'siwa

Chimanga chamasula, misewu ya dera lathu lino la Nachisaka yasanduka phala, ndipo ndi mmene zinalili chaka chatha pamene tinkaika m'manda apongozi anga, aNankhoma. Ana athu akufunsa za chiliza. Ine chimene chikundisowetsa mtendere si simenti ayi, koma dzina limene mayiyu anapita nalo. M'mudzi muno akawakumbukira amati anali munthu wosadya za anzake, wosagona m'siwa, wonyada. Ziwiri zoyambazo n'zoona. Chachitatucho ndi bodza, ndipo ine amene ndikudziwa kuti ndi bodza ndinalumbiritsidwa kuti mwana wawo asadzamve. Ndiye ndalemba, maina ndasintha, mudzi sindiutchula.

Kwathu kuno munthu akamwalira, amayi amagona m'nyumba momwe muli thupi, m'siwa, mothithikana, mwendo pa mwendo, nyimbo mpaka kucha. Palibe amaitana maina, koma aliyense amadziwa amene wagona ndi amene wazemba. Apongozi anga sanagonemo ngakhale kamodzi. Ankafika m'mawa ndi mtolo wa nkhuni woposa wa wina aliyense, ankatunga madzi, ankakhala kumapeto kwa gulu pafupi ndi kanjira. Chakudya chikangoyamba kugawidwa, ukacheuka umapeza pamalo pawo pali mbee.

Ine ndinabwera m'mudzi muno chitengwa, chifukwa bambo a kunyumba kwanga, abambo ake a Tadala, ndi mwana yekhayo wa aNankhoma ndipo anakana kuwasiya okha. Ndinapeza mayi wamtali, woonda ngati mtengo wa chigafa, wovala zitenje ziwiri zakuda ngakhale dzuwa la Okutobala. Ankanunkhira sopo. Pagolosale shuga ankatha kumudumpha, koma sopo ayi. Anthu anawapatsa dzina loti aDona, ndipo ankawaitana choncho maso ndi maso.

Ankadya kamodzi patsiku, dzuwa litapendeka, ntchito zonse zitatha, ali okha m'nyumba mwawo. Nyemba ayi, therere ayi, mango ayi, thobwa ngakhale la paukwati ayi. Ukawakakamiza ankangoti njala siinunkha, ndipo ine ndinkayesa kuti akunyoza kaphikidwe kanga. Akakhala ndi ulendo wa ku Mponela, kudya ankasiyiratu dzulo lake. Kutchalitchi benchi yawo inali yakumbuyo, pakhomo penipeni. Mawu oimbira anali nawo abwino, koma sanalowepo m'bwalo kuvina. Ngakhale kuseka kumene ankayamba akhala pansi, kenako n'kuseka pang'ono, atagwira bondo.

Kuseri kwa nyumba yawo kunali mpanda wa tsekera wotalika kuposa mwamuna. Mkati mwake munali bafa ndi chimbudzi chawochawo, ndipo munthu sankaponda. Mpira wa Tadala utagweramo tsiku lina, anaulandira mawa lake pamodzi ndi mawu amene mpaka pano sanawaiwale. Anthu oganiza bwino ankati ndi matama chabe. Ena ankanong'ona kuti mayi wobwera ameneyu amaweta fisi kumpandako.

Amene sankanong'ona anali aNambewe, mayi wamkulu amene amayendetsa zonse za amayi pamaliro m'mudzi muno, kuyambira ufa mpaka kusambitsa thupi. Awiriwa anali ngati mphaka ndi galu. Pamaliro a amuna awo a aNambewe, apongozi anga atanyamuka mwa nthawi zonse, namfedwayo anatuluka m'siwa, maso ali psuu, n'kuwaimitsa pamaso pa anthu.

"Tsiku lanu likadzafika, aDona, mudzagona nokha m'nyumba yanuyo. Ife tidzangobwera m'mawa ndi nkhuni, ngati mmene mumachitira inu."

"Kugona ndekha ndinazolowera kale, aNambewe," anayankha apongozi. "Nkhunizo mudzabweretse zouma."

Pakamwa pawo panali potero. Sankadziwa kupepesa, ndipo yankho limenelo linawawonjezera adani ambiri kuposa kuzemba kwa zaka zonse. Ine ndinali chiimire pambali, lilime likundiyabwa, chifukwa nthawi imeneyo n'kuti nditadziwa kale.

Ndinadziwira m'chigafa, nyengo yosankha fodya. Fodya wouma ali ndi kafumbi kolowa m'mphuno, ndipo apongozi kawirikawiri ankadziphimba ndi mpango, koma tsikulo anaiwala. Anayetsemula mwamphamvu, n'kuyetsemulanso, kenako anangouma pomwe anakhalapo. Anathamangitsa ana ndi mawu aukali. Fungo linandipeza ndisanafunse kanthu.

"Amake Tadala," anatero osandiyang'ana, "kaikeni ndowa ya madzi kumpanda kwanga. Mukatero mubwere muziyenda pambuyo panga."

Tinadutsa pabwalo choncho, iwo patsogolo, ine pambuyo nditatambasula chitenje ngati ndikuchikutumula. Ndilo tsiku limene ndinalowa koyamba kumpanda kuja. Fisi munalibe. Munali waya wautali womangidwa m'munsi kuti asaonekere kunja, ndipo pawayapo panali nsanza zambirimbiri, zodulidwa mofanana, zochapidwa mpaka kuyera. Panali mwala wochapira, chitini cha phulusa, ndi zidutswa za sopo.

Mpongozi ndi apongozi ake sakambirana zoterezi akuonana nkhope. Iwo analowa m'bafa, ine ndinaima kunja, ndipo nkhani yonse inadutsa m'mipata ya udzu, madzi akukhavukira pansi.

Anali kamtsikana, kwawo kumapiri a ku Ntchisi, kutali ndi chipatala. Pakati poyamba, matenda anayamba koma mwana osatuluka, kunada, kunacha, kunadanso. Amayi akuluakulu anati mwana akukana chifukwa mayi wake anayenda ndi mwamuna wina, ndiye aulule. Analibe dzina loti atchule. Anawamwetsa mankhwala ofulumizitsa, ndipo amayi awiri anagwada n'kumakanikiza mimba ndi mphamvu zawo zonse. Mwana anatuluka kamodzin'kamodzi, wamkulu, wamoyo. Koma anawang'amba kuchokera njira yobadwira mpaka kotulukira chimbudzi. Anawakhazika m'madzi ofunda a zitsamba n'kuwauza kuti mkazi aliyense amang'ambika, zimapola zokha. Chilonda chinapoladi. Koma kuyambira m'chikuta momwemo, mpweya ndi chimbudzi chofewa zinkatuluka osawafunsa. Mwamuna wawo anapirira dzinja limodzi, kenako anati akukafuna ntchito ku esiteti, ndipo mpaka lero akufunabe. Mlongo wawo ndiye anawatenga kubwera nawo kuno ku Dowa, kumene kunalibe wowadziwa.

"Masana ndimatha kudzilondera," anatero. "Koma tulo, mwana wanga, tulo sindingatilondere. Ndigone pakati pa amayi anzanga, ndidzuke nditawaipitsira zitenje, pamaliro? Bola azinditcha aDona."

Ndinafunsa ngati mwana wawo amadziwa. Madzi anasiya kukhavuka.

"Mwamuna wanuyo asadzamve. Ngakhale nditafa. Akadzadziwa kuti ndi kubadwa kwake kumene kunandichita zimenezi, chakudya azidzachimeza bwanji? Iye sanalakwe kanthu. Lumbirani."

Ndinalumbira. Kuyambira pamenepo sopo ndinkagula ndine, ndipo zitenje zanga zikatha sizinkapitanso kwa ana kukachita zidole. Musaganize kuti anayamba kundikomera mtima. Ankandikalipirabe za mchere wa m'ndiwo ngati kale, mwina kuposa. Munthu amene wakuona pa tsoka lako sumukhululukira msanga.

Chimene ndimawakumbukira nacho kwambiri chinachitika patapita zaka, mkangano wa pamaliro uja utachitika kale. ANambewe ali ndi mwana wamkazi womaliza, Esinati. Anali woyembekezera, ndipo matenda ake anayamba mvula ili pakati, msewu utaduka, ndipo anachirira pangolo asanafike kuchipatala. Poona kuti mayi ndi mwana ali moyo, anthu anatembenuza ng'ombe kubwerera kumudzi. Patapita milungu, mtsikana amene ankasokosa pamjigo uja anasiya kuoneka. Anayamba kukatunga madzi masanasana, nthawi imene pamjigo sipakhala munthu. Nthawi imeneyo inali ya apongozi anga.

Sindikudziwa zimene anakambirana. Ndikudziwa kuti apongozi anabwera kunyumba ndowa ili theka, n'kundiuza kuti, "Mawa tikupita kuchipatala. Inu mukabereka mwana wa Esinati." Nditafunsa kuti adziwa bwanji, anati aona mmene mtsikanayo anatulira ndowa pamutu, atapana miyendo, maso ali kwa anthu m'malo mwa kundowa.

Tinapita osauza aNambewe. Mayi amene ankaopa ulendo wa ku Mponela anakwera matola pamsewu wa mabampu, m'mimba mulibe kanthu kuyambira dzana, atakhala chowongoka ngati mlonda. Kuchipatala Esinati ankangolira, misozi ili chuchuchu, ndipo amene analankhula anali apongozi. Anafotokoza zonse bwinobwino, osazungulira, mpaka namwino anawayang'ana kawiri.

Atamuyeza, namwinoyo anatikhazika pansi. Anapanga kamkombero ndi chala chachikulu ndi chamkombaphala, n'kukazinga ndi zala za dzanja linalo.

"Potulukira chimbudzi pali minofu iwiri yozungulira, wina mkati, wina kunja," anatero. "Wamkatiwu umadzitsekera wokha, usana ndi usiku, ngakhale munthu ali m'tulo. Sitiulamula. Wakunjawu ndi umene timaufinya tokha tikapanikizika panjira, kapena tikamatsokomola. Mwana akang'amba mpaka kufika apa, mkombero umaduka." Anatsegula zala. "Khungu likhoza kupola pamwamba, koma mnofu uli chidukire. Pamafunika kuusoka, mbali iyi ikumane ndi iyi. Mwachita bwino kubwera naye msanga."

Apongozi anayang'anitsitsa zala zija. Kenako anafunsa ndi mawu amene sindinawamvepo, ang'onoang'ono.

"Nanga munthu amene anang'ambika kalekale, mwana wake pano ali ndi imvi?"

Namwino anati oterowo amayezedwanso, ndipo ena amathandizika kuchipatala chachikulu ku Lilongwe, ngakhale kuti mnofu ukakhalitsa chidukire umafota ndipo sangalonjeze kuti zingatheretu. Anatsitsa mawu n'kufunsa kuti, "Munthuyo ndi wa kwanu, amayi?"

"Ndi mnzanga wina," anayankha apongozi. "Anamwalira."

Pobwerera, titatsika matola, ndinawachonderera. Anati ku Lilongwe munthu sapita mozemba ngati kumjigo. Pangafunike masiku ambiri, womuperekeza, ndi mwana wawo kufunsa kuti amayi akudwala chiyani. Tinayenda pang'ono, kenako anakhala pansi m'mbali mwa msewu, pamatope pomwepo, mayi amene sankalola kachitsotso pachitenje.

"Kani inali nkhani ya singano ndi ulusi," anatero. "Ine ndasoka zigamba moyo wanga wonse."

Ndi tsiku lokhalo limene ndinawaona akulira. Ankalira atagwira bondo, mosamala, monga mmene ankasekera. Zinandipweteka kwambiri, ndipo zimandipwetekabe.

Esinati anasokedwa ndipo anachira. Lero amadya mango pamsewu, amavina paukwati. Koma zikomo wa aNambewe anali wakuti anabwera pakhomo pathu kudzalalata kuti aDona atenga mwana wa eni osapempha, akaulutsa manyazi a banja lawo kwa alendo, ndipo kuti munthu wodziwa za m'chitenje cha mnzake popanda kuuzidwa ali ndi njira zake zodziwira. Esinati anali atalumbiritsidwa ngati ine, ndiye anangowerama. Apongozi anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anafunsa aNambewe ngati amaliza, chifukwa nkhuku zikudikira madeya.

Chinawatenga ndi kutsegula m'mimba kwa nthawi ya mvula, kumene ena kumawagwira masiku ochepa n'kuwasiya. Thupi lawo linalibe posungira. Kuchipatala anakana kwamtuwagalu. Mwana wawo sanamulole kupitirira pakhomo, ankangolankhula naye chitseko chili chotseka, ndipo iye ankabwerera atakhumudwa, akuti amayi ngakhale podwala matama sawathera. Ine ndinkachapa, kuyanika, kuchapanso, nsanza osauma chifukwa cha mvula. Mawu awo omaliza omveka anali akuti ndidzawasambitse ndine. Anatisiya m'mawa, mbuzi zisanatsegulidwe.

Koma kwathu kuno wapabanja sasambitsa maliro. Ntchitoyo ndi ya amayi apadera, ndipo wamkulu wawo ndi aNambewe. Ndinaima pakhomo n'kunena zimene malemu anapempha. Anandiyang'ana ngati ndapenga.

"Amake Tadala, ngakhale atafa akufuna azitilamulabe? Tapatukani."

Analowa ndi mayi mnzawo. Ine ndinatsamira khoma panja. Sipanapite nthawi, mnzawo uja anatuluka ndi ndowa, akuti watumidwa madzi ena kumjigo, pamene madzi anali odzaza m'migolo. Kenako ndinamva aNambewe akundiitana chapansipansi.

Ndinawapeza atakhala pansi pafupi ndi mphasa, thupi ataliphimba kale. Manja awo anali pamiyendo, madzi akudontha.

"Kuyambira liti?" anandifunsa.

"Kuyambira tsiku limene anabadwa abambo ake a Tadala."

Anayang'ana thupi lija. "Ndiye n'chifukwa chake anamudziwa Esinati wanga."

Ndinagwedeza mutu. Anasuzumira pazenera, pomwe amuna anga anakhala pakati pa abambo anzawo, mutu uli m'manja.

"Akudziwa?"

"Ayi. Ndipo anandilumbiritsa kuti asadzamve."

ANambewe anamaliza ntchitoyo okha, mnzawo uja asanabwere. Anawamanga bwinobwino ndi nsalu zoyera za pawaya paja, n'kuwaveka zitenje ziwiri.

Anthu anabwera masana, anakhala, anapepesa. Dzuwa litayamba kulowa, amayi anayamba kunyamuka mmodzimmodzi, akukutumula zitenje. Mawu amene ananenedwa pamaliro aja sanaiwalike. ANambewe anaima pakhomo la siwa.

"Amayi, mphasa zilipo. Tiyeni tigone."

"Si ndinu munanena kuti tidzangobwera m'mawa ndi nkhuni?" anayankha wina. "Lero mwasintha chifukwa chiyani?"

ANambewe anatsegula pakamwa n'kundiyang'ana. Chifukwa anali nacho, ndipo mawu ochepa chabe akanadzaza nyumba ija. Koma nkhani yonenedwa kwa amayi onse aja ikanafika kwa abambo moto wa pamaliro usanayake. Ndinayang'ana kumene kunakhala amuna anga, ndipo ndinapukusa mutu. Mayi amene sanasowepo chonena anatseka pakamwa, n'kupatuka kuti anthu adutse.

M'siwa tinagonamo atatu: ine, Esinati ndi aNambewe. Nyimbo ya anthu atatu siifika patali. M'mawa amayi anabweradi ndi nkhuni, mulu waukulu, zouma bwino.

Titabwera kumanda, amuna anga anakhala pakhonde mpaka anthu onse atabalalika. Manyazi anali atawagwira kuti maliro a mayi awo anagona opanda anthu, mudzi wonse ukuona.

"Amayi anadzichitira okha," anatero. "Kunyada kumeneku. Ndinkawauza."

Ndinalowa m'nyumba ngati ndikukatenga kanthu, n'kuluma chitenje. Mawu amenewo amawabwerezabe nthawi zina, ndipo nthawi iliyonse ndimapeza choti ndikatenge m'nyumba. ANambewe tikakumana kumjigo timapatsana moni wautali kuposa kale, koma nkhaniyo sitiikhudza. Ndimangoona kuti wina akatchula dzina loti aDona, iwo amanyamula ndowa yawo ngakhale isanadzaze.

Nyumba ya apongozi idakalipo, muli matumba a feteleza. Mpanda wa tsekera unagwa ndi mphepo ya mu Ogasiti, ndipo aliyense wodutsa atha kuona kuti munalibe chodabwitsa. Nsanza ndinazitentha tsiku lotsatira maliro. Waya udakali pamitengo yake, m'munsi, wachita dzimbiri, ndipo ana amaudumpha posewera. Mwala wochapira unakumbika pakati ngati mbale, mvula ikagwa mumadikha madzi ndipo nkhuku zimamwa pamenepo.

Chaka chino amuna anga anaganiza zobzala maungu kuseriko. Analima ponseponse, nthaka yofewa bwino, kupatula kanjira kochokera pakhomo lakuseri la amayi awo kukafika pomwe panali chimbudzi. Pamenepo khasu linkangodumpha. Anayesa, anayesanso, kenako anaima akupukuta thukuta.

"Pamenepa pauma ngati simenti," anandiuza. "Munthu mmodzi yekha angagangate njira chonchi? Ankayendapo kangati amayi?"

Ndinati sindikudziwa. Anakalambalala kanjirako n'kupitiriza kulima. Maungu ayanga tsopano mbali zonse ziwiri, masamba akuluakulu, koma pakati pake kanjira kaja kadakali poyera, kofiira, kopanda udzu ngakhale umodzi.